Ndikudziyeza BP kakhumi patsiku, makinawa akundithandiza kapena akundidwalitsa?

MayiWaAtatu
Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga pagulu pano osalemba kanthu, koma lero zandifika pakhosi. Anandipeza ndi BP miyezi 7 yapitayo, ndinayamba mankhwala, ndipo mwana wanga anandigulira makina oyezera kunyumba, aja otumiza manambala ku foni. Poyamba ndinakondwa. Pano ndikudziyeza mwina kakhumi patsiku. Ndikadzuka, ndiyeze. Mutu ukangolemera pang'ono, ndiyeze. Usiku wathawu ndinadzidzimuka cha m'ma 2 koloko, ndinapeza 158/96. Kubwereza, 164/99. Kachitatu, 171/101. Ndinakhala tsonga pabedi mpaka kunja kunacha, lamba ali pamkono, ndikuganiza za ana anga. M'mawa inali 132/84.

China chondiwawa n'chakuti mwezi watha ndinapita kwa adokotala ndi foni yodzaza manambala opitirira 600. Anangoyiyang'ana pang'ono n'kundibwezera, kenako n'kundiyeza okha. Ndiye ndikuvutikiranji? Inu amene mwakhalitsa ndi matenda osatherapowa, mumatani?

Mlonda_77
Kakhumi? Ayi amayi. Makinawo atsekereni m'kabati, makiyi mupatse mwana wanuyo.

Nyenyezi88
Achimwene, musawauze choncho. Ine makina omwewa ndi amene anandipulumutsa. Zaka ziwiri kuchipatala BP yanga inkapezeka ili bwinobwino, koma kunyumba m'mawa uliwonse inkapitirira 150. Pakanapanda kope langa palibe akanadziwa. Pali anthu amene BP imawakwerera akangoona dokotala, ndiye tiliponso ife amene imabisala tikafika kwa dokotala.

Mlonda_77
Inu munkayeza kakhumi?

Nyenyezi88
Ayi, m'mawa ndi madzulo basi.

Mlonda_77
Ndi zomwe ndikunenazo.

AnesiOpuma
Amayi, pepani ndi usiku umene mwaona. Ndagwira unamwino zaka zambiri, ndiponso inenso ndimamwa mankhwala a BP, ndiye mbali zonse ziwiri ndikuzidziwa.

Taonani mmene manambala anu anakwerera: 158, 164, 171. Munthu ukaona nambala yoopsa mtima umathamanga, mitsempha imakungika, ndiye nambala yachiwiri imaposa yoyamba, mantha n'kuwonjezekanso. Pofika kachitatu paja makina ankayeza mantha anuwo. BP siikhala malo amodzi ngati msinkhu wa munthu. Imatsika tikagona, imakwera m'bandakucha, imakwera tikamalankhula, tikagwira mkodzo, tikapsa mtima. Nambala imodzi payokha siinena zambiri.

Mabungwe a madokotala a mtima amalangiza kuyeza motere. Masiku 7 otsatizana, m'mawa musanamwe mankhwala, ndi madzulo. Nthawi iliyonse muyeze kawiri, pakati padutse mphindi imodzi. Muyambe mwakhala pampando mphindi 5, msana utatsamira, mapazi onse ali pansi osapingasa miyendo, mkono uli patebulo molingana ndi mtima, lamba ali pakhungu osati pamwamba pa malaya. Osalankhula, osagwiragwira foni. Theka la ola musanayeze pasakhale khofi, fodya kapena masewera olimbitsa thupi. Manambala a tsiku loyamba mumawasiya, chifukwa tsiku limenelo munthu amakhala asanazolowere. Otsalawo mumapeza avereji yake. Ikafika 135/85 kapena kuposa, ndiye kuti kunyumba yakwera. Malire a kuchipatala ndi 140/90, okwererapo pang'ono, poti ambiri timanjenjemera tikafika kumeneko.

Pali nthawi imodzi yosadikira. Nambala ikafika 180/120 n'kumamva kupweteka pachifuwa, kubanika, kapena maso kuchita chidima, musabwerezenso kuyeza, pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Ndipo nkhope ikapendama, mkono kufooka, kapena lilime kulemera, pitani ngakhale makina akunena kuti zonse zili bwino.

MayiWaAtatu
Zikomo anesi. Ndachita manyazi, ine ndimayeza nditakhala pabedi miyendo nditapinda, nthawi zina ndikulankhula pafoni. Ndifunsenso: mkono wanga ndi waukulu ndipo lamba amangokwana movutikira. Zili ndi kanthu?

AnesiOpuma
Kwambiri. Lamba wochepa pa mkono waukulu amaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni. Yezani mkono wanu ndi tepi pakati pa phewa ndi chigongono, muyerekeze ndi masentimita olembedwa pa lambayo. Ngati mwapitirira, pezani wamkulu. Manyazi asakhalepo, palibe anakuphunzitsani.

Kamba_Wofatsa
Nanga aja ovala padzanja ngati wotchi? Sasankha kukula kwa mkono.

AnesiOpuma
Amasokonekera msanga dzanja likangotsika kapena kukwera kuposa pamtima. Wapamkono ndi wodalirika kuposa wapadzanja.

BamboAMapasa
Ine ndi wa shuga, osati BP, koma nkhani ya amayiwa ndaimva m'mafupa. Ndakhala ndikudzibaya insulini kuyambira ndili mnyamata, zala zanga zinachita kuuma ndi kubooledwa. Chaka chatha ndinayamba kuvala sensa yomata kuseri kwa mkono, imene imawerenga shuga usana ndi usiku.

Sabata yoyamba inandionetsa chinthu chimene zaka zonsezi sindinkachidziwa. Cha m'ma 3 koloko usiku shuga wanga ankatsika mpaka 3.2, ine ndili m'tulo osamva kanthu. Ndinkangodzuka mutu ukuwawa, zofunda zitanyowa ndi thukuta, n'kumati ndi kutentha. Adokotala ataona mzere wa usikuwo anachepetsa insulini yogonera, thukuta lija linathera pomwepo. Pa ichi chokha sensa sindingainyoze.

Koma mwezi wachiwiri ndinasanduka kapolo. Ndinkayang'ana foni mphindi zilizonse. Kamuvi kakaloza m'mwamba ndibaye, kakaloza pansi ndidye, tsiku lonse kuthamangitsana ndi mzere, ndipo shuga anayamba kudumphadumpha kuposa kale chifukwa ndinkabaya insulini ina yoyamba isanamalize ntchito. Mkazi wanga anandiuza tsiku lina patebulo kuti mapasa asiya kundifotokozera za kusukulu chifukwa maso anga sachoka pafoni. Mawu amenewo anandilasa. Pano ndinasiya ma alamu awiri okha, wa kutsika ndi wa kukwera kwambiri, ndipo ndimayang'ana ndisanadye, ndisanayendetse galimoto ndi pogona.

Chisomo_wa_Lero
Abambo, 3.2 ndi nambala yanji? Anga amaonetsa 126, 140, nthawi zina 180. Ndiye ine ndili pangozi?

BamboAMapasa
Ayi achemwali, mtima m'malo. Miyezo ilipo iwiri. Anuwo akuwerenga mg/dL, anga mmol/L. Gawani nambala yanu ndi 18: 126 ndi 7.0, 180 ndi 10. Kutsika koopsa kumayambira pansi pa 70 kwa inu, pansi pa 3.9 kwa ine. Ndi bwino aliyense polemba nambala pagulu pano azinena muyezo wake, tingaopsezane pachabe.

Chisomo_wa_Lero
Zikomo, thupi linachita tsemwe. Masensawo amakhala nthawi yaitali bwanji?

Wa_Magiya
Zimatengera mtundu. FreeStyle Libre ya kampani ya Abbott inayamba kugulitsidwa ku Ulaya mu 2014, imakhala masiku 14. Dexcom G6 masiku 10. Koma dziwani kuti sensa siyeza magazi enieni, imayeza shuga wa m'madzi a pansi pa khungu, ndiye imatsalira m'mbuyo ndi mphindi zingapo, makamaka shuga akamasintha mofulumira. Mukaigonera imatha kuonetsa kuti shuga watsika pamene sanatsike. Thupi likamanena zina sensa ikunena zina, booleni chala. Ndipo musambe m'manja kaye, kashuga kotsalira pachala kamakweza nambala.

Ovala sensa amayang'ananso nthawi imene shuga wakhala pakati pa 3.9 ndi 10 mmol/L. Akatswiri anagwirizana mu 2019 kuti kwa akuluakulu ambiri cholinga ndi kupitirira 70 peresenti ya nthawi. Onani, sanati 100.

BamboAMapasa
Mfundo yomalizayo ikanandipeza msanga bwenzi ndisanavutike chonchi. Ndinkafuna mzere wowongoka ngati wa rula, pamene ngakhale munthu wopanda shuga mzere wake umakwera akadya.

Tsogolo_J
Pepani ndikupatutsani pang'ono. Ndaona pa Facebook wotchi yoti imayeza shuga popanda kuboola khungu, BP, mpweya, zonse. Ndikufuna kugulira amayi anga.

Wa_Magiya
Musagule. Mu February 2024 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linachenjeza poyera kuti silinavomereze wotchi kapena mphete iliyonse yoyeza shuga payokha popanda kuboola khungu. Munthu akabaya insulini potengera nambala yopeka angathe kukomoka. Mawotchi ena amaonetsa nambala yochokera ku sensa yomatidwa pathupi, zimenezo ndi zina.

Tsogolo_J
Koma anthu ambiri pansi pake akuyamikira.

Mlonda_77
Valikani wotchiyo pa mwendo wa tebulo muone ngati siikuuzani shuga wa tebulo.

AnesiOpuma
Poti mwatchula za mpweya, pali china chotikhudza ife akhungu lakuda. Kachipangizo kopanira chala kaja kamawerenga okosijeni podutsitsa kuwala m'khungu. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Michigan amene anatuluka mu December 2020 anapeza kuti odwala akuda, kuyerekeza ndi oyera, anali ndi chiopsezo chochuluka pafupifupi katatu choti mpweya watsika m'magazi koma kachipangizoko kakuonetsa kuti uli bwino. Ndiye ngati mukubanika, milomo yasintha mtundu, musatonthozedwe ndi 94 ya pachala.

Mphepo_Yanga
Izi ndi zoona. Ine wa mphumu ndinasiya kudalira kapachalako. Chimene chimandithandiza ndi kachubu kouziramo mpweya, kopanda batire n'komwe. Ndi adokotala tinalemba papepala nambala yanga yapamwamba, 420. Ndikauzira n'kupeza kuposa 80 peresenti yake, ndipitiriza monga mwa masiku onse. Pakati pa 50 ndi 80, pepala limanena mankhwala oti ndipope ndi kangati. Pansi pa 50, kupopa n'kunyamuka ulendo wa kuchipatala. Chimene ndaona pa nkhani ya MayiWaAtatu n'chakuti anawapatsa makina koma sanawapatse pepala. Nambala ikabwera usiku, alibe choti achite nayo kupatula kuiopa.

MayiWaAtatu
Achemwali, mwandilasa penipeni. Ndi zomwezo. Ndimaona 158 ndiye sindidziwa, ndimwe piritsi lina? Ndidzutse ana? Ndigone?

AnesiOpuma
Piritsi lina ayi, pokhapokha adokotala anu atakuuzani. Koma mafunso atatu amenewa muwatengere kwa iwo momwemo, muwapemphe alembe mayankho. Bambo a kunyumba kwanga ali ndi vuto la mtima kufooka, ndipo chipangizo chawo chachikulu ndi sikelo wamba. Amakwera m'mawa uliwonse akachoka kuchimbudzi asanadye. Akawonjezera makilogalamu opitirira 2 m'masiku atatu, timadziwa kuti madzi ayamba kudzadza m'thupi, timaimba foni miyendo isanatupe. Nambala imodzi patsiku, ndipo tonse m'nyumba timadziwa tanthauzo lake.

Kamba_Wofatsa
Komabe adokotala aja analakwa. Munthu wavutika kusonkhanitsa manambala 600, iwo osayang'ana n'komwe? Ndi chipongwe.

Nyenyezi88
Kuwawa kwake ndikukumva, koma taganizani. Panja pali mzere wa odwala, iwo ali ndi mphindi zochepa, inu mukuwapatsa foni kuti atsetsereke ndi chala mpaka mawa. Ena mwa manambalawo ndi a 2 koloko usiku munthu ali ndi mantha, ena ayezedwa akulankhula. Atengapo chiyani? Ine ndimapita ndi tsamba limodzi. Pamwamba avereji ya m'mawa ndi ya madzulo, pansi masiku amene ndinaiwala mankhwala, ndi chilichonse chachilendo monga chizungulire poimirira. Chiyambire palibe dokotala anakana kuliwerenga.

Kamba_Wofatsa
Akanawauza choncho, osangobweza foni.

Nyenyezi88
Pamenepo ndikugwirizana nanu. Mawu awiri okha akanakwana.

Tadala_wa_Adadi
Ndiloleni ndifunse zanga, zikufanana. Adadi ali ndi shuga, amavala sensa, ndipo ndinalumikiza kuti manambala awo azifika pafoni yanga poti ndimakhala kutali. Shuga akakwera ndinkawaimbira kufunsa chimene adya. Sabata yatha andichotsa, sindikuonanso kalikonse, ndipo sakufuna kukambirana. Ine ndimangowafunira zabwino. Usiku sindikugona.

Agogo_Achete
Mwanawe, ndikuyankhe ine amene ndili mbali ya bambo ako. Mwana wanga wamkazi ankachita zomwezo. Foni ikalira ndinkadziwiratu kuti sakufuna kumva mmene ndagonera, akufuna kudziwa chifukwa chake shuga wafika 13. Moni weniweni anatha pakati pathu. Ndinayamba kudya mobisala m'nyumba yangayanga, ine munthu wa zaka 71 amene ndinamulera iyeyo. Matendawa amatilanda kale zambiri, ndiye mwana akakhalanso wapolisi umaona ngati wasanduka nambala.

Tinapangana chonchi. Amalandira alamu ya kutsika yokha, chifukwa imeneyo ikhoza kundipha ndili m'tulo ndipo ndimayamika kuti pali wina akumva. Za kukwera ndi za ine ndi adokotala anga. Kawapepese bambo ako, osatchula shuga tsiku limenelo. Pakapita masiku uwapemphe za alamu ya usiku yokha.

Tadala_wa_Adadi
Agogo, ndawerenga misozi ikutsika. Ndaona kuti mwezi wathunthu sindinawafunse china chilichonse. Ndiwaimbira madzulo ano.

Mlonda_77
Nanga makampaniwo akuona zingati? Mwana tikhoza kumuchotsa, iwowo tiwachotsa bwanji?

Wa_Magiya
Funso labwino, ndipo si mantha opanda pake. Mu 2021 bungwe la FTC la boma la America, loteteza ogula pa malonda, linatsutsa kampani ya app ya Flo, yolembera masiku a kumwezi, kuti inkapereka zinsinsi za azimayi ku makampani monga Facebook ndi Google italonjeza kuti sidzatero. Mu 2023 bungwe lomwelo linalipiritsa GoodRx, kampani yothandiza anthu kupeza mankhwala motchipa, chifukwa chopereka kwa otsatsa malonda mbiri ya mankhwala a anthu. Ndipo kampani imatha kugulidwa: Fitbit, ya mawotchi owerenga masitepe, pano ndi ya Google kuyambira 2021. App ikakhala yaulere muzifunsa kuti ikudyera pati. Ya BP ikapempha kuona manambala a anzanu a m'foni kapena malo amene muli, kanani, siikuwafunira za BP. Muonenso ngati ikulola kutulutsa manambala anu ndi kufufuta akaunti.

Chisomo_wa_Lero
N'chifukwa chake ine ndi kope ndi cholembera. Silithera batire.

BamboAMapasa
Kope ndi labwino, koma silingakudzutseni 3 koloko usiku shuga ali pa 3.2.

Chisomo_wa_Lero
Zoona abambo. Ine sindibaya insulini, ndimamwa metformin yekha, ndiye kutsika koteroko sikundichitikira. Adokotala amadalira kwambiri HbA1c, ija imaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu. Matenda dzina limodzi, zosowa zosiyana.

Tsogolo_J
Chabwino, wotchi ya shuga ndaisiya. Koma yowerenga masitepe? Amayi akufika 4,000 okha, wotchi ya mlongo wanga imati afike 10,000.

Wa_Magiya
10,000 imeneyo sinachokere kwa madokotala. Inachokera ku dzina la kachipangizo kowerenga masitepe kamene kanagulitsidwa ku Japan mu 1965, manpo-kei, kutanthauza chowerengera masitepe 10,000. Kafukufuku wa pambuyo pake waonetsa kuti kwa okalamba phindu limayamba kuoneka pa masitepe ochepera pamenepo. Ngati ali pa 4,000, awonjezere pang'onopang'ono. Sinthani cholingacho mu app, asamagone tsiku lililonse akuuzidwa kuti alephera.

Mphepo_Yanga
Tabwererani kwa eni nkhani, tawasiya okha. Amayi, zikuyenda bwanji?

MayiWaAtatu
Pepani ndinasowa, ndinkafuna ndimalize kaye masiku 7 aja. Mkono wanga unapezeka 36 cm pamene lamba analembedwa kuti amathera pa 32, ndiye ndinapeza wamkulu. Ndinayeza monga anesi ananenera, pampando, chete, ana ndinawauza kuti mphindi zimenezo amayi kulibe. Makina sakugonanso kuchipinda, ali pabalaza. Sindinama, usiku wachiwiri ndi wachinayi ndinadzuka kukawatenga. Wachiwiriwo ndinayeza, 149/92, sindinailembe pa tsamba. Wachinayi ndinafika pakhomo la chipinda, ndinaima kanthawi, n'kubwerera kukagona.

Avereji inabwera 138/87. Dzulo ndinapita ndi tsamba limodzi monga a Nyenyezi88 ananenera, kwa adokotala omwe aja. Analiwerenga lonse, anafunsa za masiku awiri amene ndinamwa mankhwala mochedwa, n'kuwonjezera mlingo pang'ono. Ndinawafunsa mafunso anga atatu ndipo analemba kuseri kwa tsamba lomwelo nambala yoti ndiimbe foni ndi nambala yoti ndinyamuke. Akuti ndidikire masabata awiri mankhwala akhazikike, kenako ndiyezenso masiku 7.

Agogo_Achete
Usiku wachinayi umenewo ndi umene wandisangalatsa, mwana wanga.

Mlonda_77
Ndinalakwitsa za makiyi zija. Pabalaza pakwana.

MayiWaAtatu
Simunalakwitse kwenikweni achimwene. Anesi, funso lina: ndingadziwe bwanji kuti makina angawa akunena zoona? Ndipo masabata awiri odikirawa ndisayeze n'kamodzi komwe?

AnesiOpuma
Ulendo wotsatira muwatenge, muwapemphe akuyezeni ndi awo kenako ndi anu, mkono womwewo, mosinthanasinthana, pakati pakudutsa mphindi imodzi. Akasiyana pang'ono palibe vuto. Akamasiyana ndi 10 kapena kuposa mobwerezabwereza, makinawo aonedwe. Muzichita zimenezi kamodzi pachaka. Mukhozanso kufufuza dzina la makina anu pa mndandanda wa STRIDE BP pa intaneti, amalembapo makina amene anayesedwa n'kupezeka olondola.

Za masabata awiriwa, poti mlingo wakwera, chenjerani ndi chizungulire poimirira. Mukachimva khalani pansi, yezani kamodzi, lembani nambala ndi nthawi yake, muwaimbire adokotala. Mukapanda kumva kanthu asiyeni pabalaza pomwepo mpaka tsiku limene anakuuzani.

Tadala_wa_Adadi
Adadi ayankha foni. Tacheza mphindi 40 za mpira ndi za zidzukulu. Za alamu sindinatchule. Agogo, ndidikire masiku angati?